Kodi Mwana Mmodzi Ngwofunika Motani?

MU November 1960, Ruby Bridges, mtsikana wakuda wazaka 6, analoŵa sukulu imene inali ya azungu okhaokha ku New Orleans, United States, akumaperekezedwa ndi apolisi a boma. Khamu linamtukwana, ndipo makolo achizungu anachotsako ana awo. Komabe, mphunzitsi wake, Barbara Henry, anamphunzitsa yekhayekha m'kalasimo kwa chaka chonse chasukulu.

Kodi Akristu angaphunzirepo chiyani? Yesu anakwiya pamene ophunzira ake anakaniza tiana kufika kwa iye. (Marko 10:13, 14) Mlengi samaŵerengera mtundu wa khungu. Chotero, awo amene amaphunzitsa mwana kuŵerenga, kumgulira makope, kapena kumlimbikitsa pamene akunyozedwa amatsanzira Kristu. Ndithudi, ngakhale mwana mmodzi yekha ngwoyenerera khama lonselo!