Mchenga wa pakati pa miyala

Palibe nsomba imene inadzuka m'mawa n'kupeza kuti yasanduka mtundu watsopano. Mwana amafanana ndi mayi wake, mayiyo anafanananso ndi wake, mpaka kalekale. Komabe m'Nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, utaka ndi mbuna, ndipo yambiri inachokera kwa kholo limodzi m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi yokha. Ndikamasinkhasinkha zimenezi, chimene chimandigwira mtima ndi kuchepa kwa zinthu zimene zinagwira ntchitoyo.

Chimodzi ndi mchenga. Mbuna imakhala m'miyala, imapala ndere pomwepo, ndipo siikonda kudutsa pamchenga poyera, pamene chilombo chingaione. Ana ake satengedwa ndi mafunde kupita kutali, popeza mayi amawasunga m'kamwa mpaka atalimba. Choncho mbuna za pa Thumbi ndi za pa Mbenji zimatha mibadwo yosawerengeka osakumana. Yaikazi imasankha mwamuna poyang'ana chovala chake: kuno ikonda wa mizere, uko ikonda wa chipsepse chachikasu. Pang'onopang'ono mbali iliyonse imatsata njira yake, ndipo zikadzakumana sizikwatirananso. Panalibe mkangano. Zinangotalikirana mpaka kuiwalana.

China chili kummero. Nsomba za banjali zili ndi nsagwada zachiwiri kumeneko zoperera chakudya, motero pakamwa panamasuka kusinthika malinga ndi ntchito. Zina zimasefa mchenga, zina zimaswa nkhono, zina zimadya mamba a anzawo. Kalingono yekha amandiseketsa: amagona chammbali pansi ngati wafa, kansomba kakabwera kudzaona mtembo, n'kukakhwathula.

Zimenezi zinatheka chifukwa nyanja inali ndi malo opanda mwini. Mbiri ya zamoyo yayenda chonchi kangapo. Ku Karonga, m'nyumba yosungira zinthu zakale, mwaimikidwa chigoba cha Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chimene chinkayenda m'dera limenelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Madainoso ngati ameneyu analamulira mtunda kwa nthawi yaitali kuposa momwe mutu wanga ungawerengere, mpaka zaka 66 miliyoni zapitazo pamene chimwala chochokera kuthambo chinagwera kumene lero kuli Mexico. Fumbi linatchinga dzuwa, zomera zinafota, njala inafika kwa onse. Sindikhulupirira kuti zimene zinapulumuka zinali zopambana. Zambiri zinali zazing'ono chabe, zotha kubisala ndi kudya chilichonse. Mwa madainoso munatsala mbalame zokha. Tinyama toyamwitsa, timene tinkangozembazemba, tinapeza dziko lotseguka, ndipo mwa ito munatuluka njovu, anamgumi, mileme ndi ife.

Mwa mitundu 100 iliyonse imene inakhalapo pa dziko lino, 99 inatha kale. Wina akamva zimenezi amati, basitu, kutha ndi mwambo wa chilengedwe, tidandauliranji? Ine ndimaima pa liwiro lake. Ku Nyanja ya Victoria anthu anaikamo chinsomba cha Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mitundu pafupifupi 200 ya abale a mbuna inali itasowa. Zimene zinatenga zaka zikwizikwi kuti zipangike zinapita mwana wobadwa nthawi imeneyo asanamere imvi. Kwathu kuno, mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, ndipo umodzi, Oreochromis lidole, mwina unatha kale.

Ku Victoria komweko anapezanso kutha kwina kumene sindinakuganizirepo, kopanda chilombo, kopanda khoka. Madzi akavunduka ndi matope komanso ndere, yaikazi imalephera kusiyanitsa mwamuna wofiira ndi wabuluu. Imangokwatiwa ndi amene yamupeza. Ana amabadwa, amakula bwino, asodzi amawagwira, koma mitundu iwiri ija yabwerera kukhala umodzi. Nsomba sinafe ndi imodzi yomwe. Nafenso dzinja lililonse Linthipe ndi mitsinje ina imatsika itafiira ndi dothi la kumapiri kumene tinadula mitengo, n'kukathira m'madzi amene mbuna zimasankhiramo amuna.