KODI MTSOGOLERI WOTULA UDINDO AYENERA KUKHALA CHETE?

Ku America kuli mwambo wosalembedwa m'buku la malamulo, wakuti munthu amene anatula pansi udindo wa Prezidenti asadzudzule poyera amene adza pambuyo pake, makamaka pa nkhani za maiko akunja. Malemu Jimmy Carter, amene analamula dzikolo kuyambira 1977 kufikira 1981, anauswa mwambowu kangapo, ndipo ambiri anawanena kuti ngopanda ulemu. Mlanduwu uyenera kuupenda bwino, pakuti suli wa ndale chabe ai: ukhudza chikumbumtima.

M'mwezi wa March 2003, masiku owerengeka nkhondo ya ku Iraq isanayambe, a Carter analemba m'nyuzi ya New York Times kuti nkhondoyo siili yolungama. Muyeso umene anagwiritsa nchito sunali wao ai. Ndi uja wakalekale wa Agustino Woyera, umene Thomas Aquinas anaulongosola, ndipo aphunzitsi a m'mbuyo mwao anaukonza: nkhondo iloledwa pokhapokha chifukwa chake chili choona, wolamula ali nayo mphamvu yoyenera, zoipa zotulukamo siziposa zimene afuna kuchotsa, ndiponso njira zonse za mtendere zayesedwa nizikanika. Tsono nthawi imeneyo anthu a United Nations, otsogozedwa ndi Hans Blix, anali akali m'Iraq kufunafuna zida zoopsya zija. Njira inali isanatsekeke. Mwezi womwewo Papa Yohane Paulo II anatuma Kardinala Pio Laghi kwa Prezidenti Bush kukamdandaulira zomwezo. Nkhondo inayambabe pa 20 March, ndipo nkhokwe za zidazo sizinapezeke konse. Mau a akuluakulu akomadi akagonera, koma pogonera pake maliro anali atachuluka kale.

Otsutsa ati: kudzudzula kotere kufooketsa dziko pamaso pa adani. Mauwa ali ndi nzeru yake, pakuti mkulu wongolankhula chifukwa cha nsanje kapena kulakalaka mpando wake wakale achimwa ndithu. Koma ulemu umene munthu apereka kwa wolamula suposa mangawa ake kwa anthu amene adzafa chifukwa cha kulakwa kwa wolamulayo. Yemwe anakhalapo pampando adziwa bwino momwe aphungu anamizira mfumu. Akakhala chete iyeyo, adzanena ndani? Mneneri Natani sanamchepse Davide pomuuza tchimo lake.

Mlandu wachiwiri ngwolemera koposa: kuti a Carter anali kukhala pamphasa imodzi ndi anthu ankhanza. Nzoona. Koma nkhoswe sipita kwa okhawo ogwirizana nayo. Nchito yake ili kumene kuli ndeu. Mu June 1994, America ndi North Korea atayandikira nkhondo, iwo anapita ku Pyongyang kukaonana ndi Kim Il Sung, ndipo iye anavomera kuimitsa nchito zake za nyukiliya. Apa sayenera kubisiridwa cholakwa: analengeza za panganolo pa wailesi ya kanema boma la a Clinton lisanalipende, ndipo panganolo linadzasweka, dziko lija niliphulitsa bomba lake loyamba mu 2006. Komabe nkhondo imene ikadasakaza mzinda wa Seoul sinamenyedwe, ndipo ana amene akadafa chaka chimenecho anakula.

Patangopita miyezi itatu, mu September, a Carter anali ku Port-au-Prince pamodzi ndi Colin Powell ndi Sam Nunn, kukambirana ndi mkulu wa asilikali Raoul Cédras, amene analanda boma la Haiti mu 1991. Zokambiranazo zinapitirira nthawi imene anapatsidwa, ndege za asilikali a America zili kale m'mlengalenga. Cédras atavomera kutula udindo, ndegezo zinabwezedwa panjira, ndipo asilikali analowa m'dzikomo tsiku lotsatira popanda kumenyana.