Inu ogwira pulena, mverani za mpando wa Wegner

Ana anga, inu amene mwayamba ukalipentala pa Neno boma, pa Ligowe, kutsikira ku Lisungwi mpaka pa Zalewa, ndili nanu mawu pa nkhani ya mpando. Bedi aliyense atha kukhoma, tebulo nalonso silivuta kwenikweni. Koma mpando ndiwo umaulula mmisiri, pakuti munthu sakhalapo phee. Amatsamira, amatembenuka, amaukoka ndi dzanja limodzi, ana amaukwera, wina akakhuta nsima amaupendeketsa n'kuuimika ndi miyendo yakumbuyo yokha. Mphamvu zonsezo zimathera pamene mtengo wakumana ndi mtengo unzake. Pamenepo pakakhala pachinyengo, dzinja lisanabwere kawiri mpando wayamba kale kulira ndi kugwedera.

Ndikufuna mumve za mmisiri wina wa ku Denmark, dzina lake Hans Wegner. Anabadwa mu 1914 m'katauni ka Tønder, bambo ake anali osoka nsapato. Ali ndi zaka 14 analowa ntchito yophunzira kwa kalipentala, pa benchi monga inu nomwe. Kusukulu yojambula mapulani ku Copenhagen anapitako pambuyo pake, manja atadziwa kale khalidwe la mtengo. Pomwalira mu 2007 n'kuti atajambula mipando yoposa 500. Umodzi mwa imeneyo ndi umene anakhalira Kennedy ndi Nixon mu 1960 potsutsana pa wailesi yakanema polimbirana upulezidenti wa America, koma lero si umenewo ndaudzera.

Ndadzera umene anaujambula mu 1949. Kampani ya Carl Hansen & Søn inayamba kuupanga mu 1950 pa nambala ya CH24, ndipo kufikira lero sinalekebe. Ambiri amaudziwa ndi dzina loti Wishbone. Mukauona koyamba mutha kuupeputsa. Miyendo inayi yobulungira, yakumbuyo ikukwera mokhota pang'ono kukanyamula mtengo umodzi wopindika umene uli chotsamira komanso poika mikono. Pakati pa msana pali kathabwa ka mphanda. Pokhalira ndi poluka ndi chingwe. Basi. Palibe maluwa osema, palibe siponji, palibe nsalu yobisa zolakwa. Maganizo ake Wegner anawatenga pa mipando yakale ya ku China, ya m'nthawi ya mafumu a Ming, imene anaiona pa zithunzi za amalonda a kwawo atakhalapo. Sanangokopera ayi. Anauyang'ana mpando wa eni ake uja n'kumachotsa chilichonse chimene sichinyamula thupi la munthu, mpaka kunatsala zokhazo zimene mukachotsapo chimodzi mpando ugwa.

Apa ndiye tcherani khutu, chifukwa ndi pamene pali luso. Mtengo wopindika uja sachita kuucheka mokhota kuchokera pa thabwa lalikulu. Mukacheka chokhota pa thabwa mumadula mitsempha ya mtengo, ndipo malo amenewo ndi amene amadzathyoka. A kampani ija amaufukiza ndi nthunzi ya madzi owira mpaka utafewa, n'kuupinda msanga pa chikombole ukadali wotentha, n'kuumangirira pomwepo kuti uume. Ukauma subwereranso, ndipo mitsempha yake imayenda yosaduka kuchokera nsonga ino kukafika inayo. Njirayi anaitchukitsa ndi Michael Thonet ku Vienna. Mpando wake wa nambala 14, wa mu 1859, unali wa timitengo 6 topinda ndi nthunzi, ndipo mipando 36 yosalumikiza inkakwana m'bokosi la mita imodzi mbali zonse. Musandiuze kuti zimenezi n'za mafakitale okha. Mgolo, paipi yaikulu yotseka kumapeto ndi nkhuni zochepa n'zokwanira kuyambira. Mitengo ina idzakukanani n'kung'aluka, ina idzalola. Yesani pa tizidutswa, muidziwe.

Ndiye pali pokhalira paja. Chingwe chake n'cha mapepala opota, pafupifupi mamita 120 pa mpando umodzi, ndipo katswiri amaluka ndi manja kwa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Mpando wonse umadutsa m'magawo a ntchito oposa 100, ambiri a manja. Mukamva zimenezi muzikumbukira kuti kuluka si chinthu chobwera kuno kwathu. Agogo anu amene amapanga malichero, madengu ndi nkhokwe amadziwa nsungwi yokhwima poiyang'ana chabe, amadziwa kunyika chilambe ndi mlaza kuti zisathyoke pokoka. Mipando yoluka ya kuno, ya mafelemu a bulugama, ku Joni amaigulitsa m'masitolo odula ndi dzina loti Malawi chair, ndipo msewu wopita kumeneko ndi womwewu wodzera pa Zalewa kukatulukira pa Mwanza. Chimandiwawa n'chakuti mnyamata wa masiku ano amaona kuluka ngati ntchito ya okalamba, iye n'kumathamangira kukhoma sofa wa matabwa aawisi wokuta ndi nsalu yonyezimira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono chimene chimatilepheretsa si kusowa makina. Choyamba ndi phuma. Thabwa lacheka dzulo, lero lili kale pa benchi chifukwa kasitomala wapereka ya chikole ndipo akufuna katundu wake Loweruka. Mtengo wauwisi ukamauma umanyala, ndiye nsonga imene munasema imachepa, guluu n'kusiya. Sanjani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba osati pa dothi, muike timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa, muwasiye miyezi. Kasitomala wosafuna kudikira muuzeni zoona, akapita apite.

Chinanso ndi misomali. Msomali pa mpando ndi ulesi. Boolani bowo pa mwendo, semani nsonga ya mtanda kuti ilowe mothina, yochita kufuna kugogoda pang'ono ndi nyundo ya mtengo. Ikalowa yokha mosavuta mwalakwitsa, tayani musemenso ina, musadzaze mpatawo ndi guluu wosakaniza utuchi poganiza kuti vanishi abisa. Abisadi, koma kwa miyezi ingati?

Muyezenso munthu, osati thabwa lokha. Pokhalira pa mpando wa Wegner pali pa masentimita pafupifupi 45 kuchokera pansi, chifukwa ndi pamene phazi la munthu wamkulu limaponda bwino bondo lili lopinda. Mukamaliza mpando woyamba, musathamangire nawo kumsika. Itanani agogo anu aakazi akhalepo, muone ngati adzuke osagwira khoma. Itanani mnzanu wamtali, mumufunse pamene msana ukumupweteka. Mukaupeza muyezo wabwino, dulani mapatani a pulayiwudi a chiwalo chilichonse muwapachike pa khoma, kuti mpando wa chaka chamawa udzafanane ndi wa lero. Wa hotela kapena wa sitolo ku Blantyre akafuna mipando makumi awiri amafuna yofanana yonse, ndipo amisiri athu ambiri amagwera pamenepa. Amene muli ndi mwayi wa maphunziro a TEVETA, kaya ku Soche kaya ku Nasawa, kaphunzireni kuwerenga ndi kujambula pulani, musangothamangira satifiketi.

Za mitengo sindingasiye osanena. Tonse timaona njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikutsika kulowera ku Zalewa, ndipo mapiri amene kale anali bii lero ali mbee. Sindikunyoza wootcha makala, njala ndimaidziwa. Koma mtengo umene watenga zaka zochuluka kuposa zanu kuti ukule, mu uvuni umasanduka matumba angapo amene m'tauni aphikira masabata ochepa n'kutha. Mtengo womwewo m'manja mwa mmisiri utha kutulutsa mipando ya nyumba yonse, yodzakhalira ndi zidzukulu zomwe. Mbawa ndi mlombwa zatsala pang'ono, ndipo kudula m'nkhalango za boma popanda chilolezo ndi mlandu. Ubwino wa mpando wonga wa Wegner ndi wakuti sudya matabwa ambiri: timitengo towonda, chingwe, ndi manja odekha. Bulugama wouma bwino akwanira poyambira. Amene muli ndi malo m'mbali mwa munda bzalani mbawa chaka chino mvula ikayamba, ndipo m'mphepete mwa mitsinje ikanimo nsungwi, zimene pakangopita zaka zochepa mudzayamba kudulako zolukira.