Odi wachitatu

Padangokhala.

Tili tonse.

Padali mnyamata ndi mlongo wake, ana a bere limodzi, kwawo ku Nkhotakota kufupi ndi mtsinje wa Bua. Mayi awo pomwalira adawasiyira munda wa mpunga kudambo, ndipo awiriwo adapangana kuti asaugawane, azilima limodzi. Ankalima Kilombero, mpunga uja ukakhala pamoto fungo lake limafika mpaka kwa aneba. Chaka ndi chaka, mu Meyi ndi Juni, akangotha kumweta, mavenda ankatulukira ndi masikelo awo n'kutchula mtengo wa kumtima kwawo. Munthu amene ngongole ya feteleza ikumudikira sakangana ndi venda, choncho iwo ankangogulitsa.

Tsiku lina mtsikanayo adati, "Achimwene, mpunga womwewu ukafika ku Lilongwe amaudya m'mahotela pamtengo umene ife sitinaulotepo. Bwanji ogulawo tiwapeze tokha?"

Mnzake wina wa kusukulu adali atamuonetsa LinkedIn. Malo amenewa a pa intaneti adatsegulidwa ku America mu 2003, ndipo mu 2016 kampani ya Microsoft idawagula. Kumeneko munthu amalemba ntchito imene amagwira ndi kumene amaigwirira, moti mlimi wa ku Bua atha kupeza dzina ndi nkhope ya munthu weniweni amene amagula chakudya cha hotela ya mumzinda. Umayamba wapempha kuti mulumikizane, n'kuikapo timawu tochepa. Akakuvomera, njira yolemberana yatseguka.

Onse awiri adatsegula maakaunti, aliyense pafoni yake.

Mnyamatayo adali wamphamvu kumunda koma waphuma. Adalemba uthenga umodzi wautali, wotamanda mpunga wake kuyambira kunazale mpaka m'thumba, n'kuutumiza womwewo kwa aliyense amene adamupeza: oyang'anira mahotela, aphunzitsi, anthu a kubanki, ngakhale mainjiniya a misewu. Ena adamuvomera. Tsono pa LinkedIn munthu akawerenga uthenga wako, kachithunzi ka nkhope yake kamaonekera m'munsi mwa uthengawo, ngati sadatseke zimenezo pafoni yake. Kachithunzi kameneko ndi kamene kadamudwalitsa mnyamatayo. Akangokaona, mtima unkamuthamanga. M'mawa mwake ankalemba kuti, "Bwana, mwauona uthenga wanga?" Mkucha wake, "Bwana, ndikudikirabe." Lamulungu usiku anthu atagona ndi mabanja awo, iye ali pafoni, "Bwana, ndiyankheni." Ndipo kwa mayi wina wogula katundu pahotela ina ku Lilongwe, atalemba mpaka kutopa, adamaliza ndi mawu akuti, "Kunyada si kwabwino, mayi. Ntchito imatha."

Tisafulumire kumuseka. Bandulo ya intaneti ankaigula ndi ndalama ya ndiwo, ndipo matumba adali ataunjikana m'nyumba, makoswe akuwayendera. Munthu wotero kukhala chete kwa mnzake kumamupweteka kuposa kukanidwa. Koma anthu ambiri amene adawapempha adadina posonyeza kuti samudziwa, ena adamubuloka, ndipo posapita nthawi LinkedIn idamuletsa kutumiza mapempho atsopano.

Mlongo wake adayenda njira ina. Adasankha anthu asanu okha, onse ogwira ntchito yogula chakudya, n'kumulembera aliyense payekha. Anayi sadavomere n'komwe pempho lake. Wachisanu adavomera, ndipo adali mayi yemwe uja wa kuhotela ya ku Lilongwe, ngakhale mtsikanayo sankadziwa kuti mchimwene wake akuwavutitsa. Mayiwo adawerenga uthengawo, kachithunzi kadaonekera, kenako zii.

Mtsikanayo adachita manyazi kwambiri. Adadziuza kuti amuona kuti ndi wakumudzi, kuti Chingerezi chake chawaseketsa. Adaika foni pansi pa pilo ndipo nkhani ya mahotela adaileka.

Malume awo ndi amene adaona kuti mwanayu wasiya kuseka. Iwowa adagwirapo ntchito zaka zambiri m'sitolo ya hotela ina mumzinda, kulandira ndi kutulutsa katundu, asanapume n'kubwerera kumudzi. Atamva nkhani yonse, adafunsa funso limodzi.

"Mphwanga, uthengawo udautumiza pa deti yanji?"

"Pa 29 Juni, malume."

Malume adapukusa mutu. "Pakutha pa mwezi? Masiku amenewo ife tinkagona m'sitolo. Tinkawerenga thumba lililonse, botolo lililonse, mpaka masupuni. Obweretsa nyama ali pakhomo kufuna malipiro awo, a maakaunti akufuna mapepala, wophika wamkulu akukuwa kuti mafuta atha. Mayi amenewo uthenga wako adauwerenga ali chiimire, mwina akukwera masitepe. Adati ndiyankha madzulo, ndipo madzulo adagwa pabedi ndi nsapato zomwe. Za Chingerezi chakozo sadaziganizeko n'komwe."

"Ndiye ndiwalemberenso lero?"

"Ayi. Ukafika pakhomo pa munthu umati odi. Akapanda kuyankha sutola mwala n'kuyamba kuswa chitseko, komanso subwerera kwanu kukauza anthu kuti akupirikitsa. Mwina ali kubafa. Umaima pang'ono n'kunenanso odi. Ukaona kuti kachitatu kali zii, umasiya uthenga kwa mwana wapakhomopo n'kumapita, kuti tsiku lina adzakulandire bwino. Dikira sabata ithe, mwezi ukhazikike. Ndipo usalembe Lolemba m'mawa, munthu amakhala akuzimitsa za Loweruka ndi Lamulungu."

Adakhala chete pang'ono, kenako adapitiriza, chifukwa apa ndi pamene padali pamtima pawo.

"Koma usabwerere chimanjamanja. Ogulitsa ambiri amene ankabwera kwa ine kachiwiri ankangondifunsa kuti, 'Bwana, mwaganiza bwanji?' Funso limenelo ndi katundu. Limandipatsa ntchito yokumbukira kuti iweyo ndiwe yani, udanena chiyani, ndipo limandichititsa manyazi kuti sindinakuyankhe. Munthu amene wamuchititsa manyazi amakuzemba. Amene ndinkamulandira ndi uja ankabwera atanyamula kanthu kondipeputsira ntchito. Wogula katundu pahotela sagula yekha, mphwanga. Wophika wamkulu ayenera kulawa, a maakaunti ayenera kuona mtengo papepala, ndipo pali kale wina amene amabweretsa mpunga pamenepo. Iwe mupatse chinthu choti akaonetse anzakewo, ndipo umufunse funso loti angayankhe ndi inde kapena ayi."

Mtsikanayo adadikira. Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Julayi adapeta mpunga bwinobwino, adauyala m'lichero padzuwa n'kuujambula. Adalemba m'Chingerezi monga ambiri amachitira kumeneko, koma mawu ake adali awa:

"Mayi, ndine uja wa mpunga wa Kilombero wa ku Nkhotakota amene ndidakulemberani kumapeto kwa Juni. Wa chaka chino tapuntha tsopano, ndi uwu uli pachithunzipa. Tili nawo m'matumba a makilo 25 ndi 50. Kodi mungalole nditumize makilo awiri kwaulere kuti ophika anu alawe?"

Kachithunzi kadaonekeranso. Yankho silidabwere.

Ulendo uno manyazi sadamugwire monga poyamba, ngakhale mtima udawawa ndithu. Patapita masabata awiri adalemba kachitatu, malume ali pambali pake pakhonde:

"Mayi, ndikudziwa kuti ntchito ndi yambiri, ndipo sindikuvutitsaninso. Tasunga matumba ena kuti afike miyezi ya mvula, nthawi imene mpunga wabwino umasowa. Mukadzaufuna, nambala yanga ndi iyi. Ngati nkhani ya mpunga amaona ndi wina pahotelapo, mungondilozera. Zikomo kwambiri."

Atatumiza, adasiyadi. Apa ndi pamene ambiri amalephera. Amalonjeza kuti sabweranso, koma pakangopita masiku anayi mumawaona atulukiranso, ndipo kuyambira pamenepo mawu awo onse, ngakhale a mtengo ndi a tsiku lobweretsa katundu, amakhala opanda mphamvu.

Mchimwene wake ankamuseka. "Iwe, mauthenga atatu basi? Malonda safuna ulemu. Anthu amenewa umafunika kuwakakamira."

"Inu mwawakakamira, achimwene. Agula angati?"

Mnyamatayo adangotuluka.

Miyezi imeneyo mtsikanayo sadakhale manja lende. Adalembera anthu ena m'mahotela a ku Salima ndi m'masukulu ogonera komweko, aliyense katatu kokha, ndipo sukulu ina idagula matumba ochepa. Malume adamuuza kuti hotela sigula kwa munthu wopanda mapepala, choncho adalembetsa bizinesi, adatenga nambala ya msonkho ku MRA, n'kuyamba kutsatira za chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Adasindikiza timapepala ta mitengo. Adakangana ndi mchimwene wake mpaka kulirana kuti matumba makumi anayi asagulitsidwe kwa mavenda mu Okutobala, pamene ndalama idali itasowa m'nyumba. Mnyamatayo adagonja monyinyirika.

Mvula idagwa. Mu Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo mbewu yatsopano ikadali yobiriwira kudambo, amene ankabweretsa mpunga kuhotela ija adabweretsa wosakaniza, wosweka ndi wa miyala. Wophika wamkulu adaubweza. Loweruka lake padali ukwati waukulu. Mayi aja adakumbukira kuti kudali wina wa ku Nkhotakota amene adanenapo za miyezi ya mvula, ndipo adafufuza m'mauthenga awo. Adapeza anthu awiri a mfunda umodzi, a dera limodzi, ogulitsa mpunga umodzi. Kwa woyamba mauthenga adali mndandanda wautali wothera pa mawu achipongwe. Kwa wachiwiri adali atatu, ndi nambala ya foni kumapeto.

Foni idalira mtsikanayo ali kudambo, matope m'maondo.

"Ndinu achemwali a mpunga wa Kilombero? Matumba aja mudakali nawo?"

"Alipo, mayi."

"Tumizani makilo awiri aja pabasi ya mawa m'mawa, pamodzi ndi pepala la mitengo ndi nambala yanu ya msonkho. Koma ndikufunseni kaye. Pali bambo wina wa mfunda wanu amene adandilembera chaka chatha. Ndi m'bale wanu?"

Mtsikanayo pakamwa padamuuma. Akadatha kukana, ndipo palibe akadadziwa msanga. Koma adati, "Ndi achimwene anga, mayi. Munda ndi umodzi. Sindinkadziwa kuti adakulemberani."

"Afunseni zimene adalemba. Mpunga ukakhala wabwino ndigula, koma ndizilankhula ndi inu."

Madzulo ake mtsikanayo adapempha foni ya mchimwene wake, ndipo adawerenga zonse pamaso pa malume. Mnyamatayo adaweramitsa mutu. Malume sadakalipe. Adangoti, "Mphwanga, mayi amenewa adali ndi ngongole yanji kwa iwe?"

"Adalibe, malume."

"Ndiye ulembe kupepesa. Mizere iwiri, ndipo usatchulemo mpunga. Akayankha, wayankhidwa. Akapanda kuyankha, usafunse ngati awerenga."

Adalemba, ndipo sadawonjezerepo china.

Wophika wamkulu adalawa mpungawo Lachitatu, ndipo Lachisanu m'mamawa awiriwo adakwera lole ya matola ndi matumba makumi awiri, kudzera ku Salima mpaka ku Lilongwe. Mnyamatayo ndi amene adasenza matumba onse kulowetsa m'sitolo. Wa m'sitoloyo adamasula atatu mwa matumbawo, adapisa dzanja mpaka pansi, adanunkhiza, n'kusaina.

Mayi aja adatuluka muofesi atanyamula mapepala. Adayang'ana mnyamatayo, thukuta lili kamukamu.

"Ndinu achimwene aja? Uthenga wanu ndidauona. Zatha."

"Zikomo, mayi. Ndidalakwa."

Kenako adatembenukira kwa mtsikanayo. "Kuno timalipira pakatha masiku 30. Musadabwe mukaona kuti ndakhala chete."

"Ndamva, mayi. Masikuwo akakwana ndalama isanalowe, ndikukumbutseni liti, ndipo kudzera pati?"

Mayiwo adaseka. "Palibe wogulitsa adandifunsapo zimenezo. Mudzaimbe foni Lachiwiri lotsatira, ikatha teni koloko. Ndipo matumba otsalawo musagulitse kwina. Ndiwafuna mu Malichi."