PHIRI NDI TSIKU LA AMBUYE

Anyamata ndi atsikana ochokera ku maiko ena amabwera kudzaphunzira m'masukulu aakulu a ku Lilongwe. Sabata ikatha, mutu utalema ndi mabuku, ena amanyamula kamba nalunjika ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ulendo wotere ndi wabwino ndithu. Koma wophunzira Mkristu ayenera kudzifunsa asananyamuke: kodi Lamulungu m'mawa lidzampeza kuti?

Phiri la Ntchisi si phiri wamba. Akulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800, pamene Angoni anali kuthira nkhondo m'midzi ya Achewa, anthu ankathawira m'nkhalango yake, ndipo mitengo ikuluikulu ya pothawirapo ikalipo mpaka lero. Wokwera phirilo amayenda mumthunzi wozizira, namva anchima m'nthambi, ndipo kunja kukayera amaona nyanja kum'mawa. Mlendo amene anasiya amake kutali, amene Chichewa chikali kumlemera pakamwa, amapeza mpumulo pamenepo. Mulungu sadana nacho chisangalalo chotere. Mose analandira Malamulo paphiri, ndipo Ambuye Yesu anaonetsa ulemerero wao kwa Petro, Yakobo ndi Yohane paphiri lalitali.

Komabe msampha ulipo. Kwao mnyamatayo ankadzutsidwa ndi belu la tchalitchi ndi mawu a makolo. Kuchilendo palibe womuona. Anzake akati agone kuphiri mpaka Lamulungu madzulo, iye amachita manyazi kutchula za Misa. Aphonya kamodzi, aphonyanso kawiri, ndipo pobwerera kwao ali ndi satifiketi m'manja koma chikhulupiriro chitazirala ngati moto wosasonkhezera. Wayamikira cholengedwa, naiwala Mlengi amene amamuyembekeza pa altare.

Eklezia wapereka chitsanzo kwa ophunzira otere. Pier Giorgio Frassati, wa ku Turin m'dziko la Italy, anali kuphunzira ntchito ya migodi, ndipo ankakonda kukwera mapiri a Alps ndi anzake. Koma pokonza ulendo ankayamba wafunsa kumene adzamvere Misa, ndipo sankalola kuti phiri limulande tsiku la Ambuye. Akatsika ankapita kukachezera amphawi ndi odwala. Anamwalira ndi poliyo pa 4 July 1925 ali ndi zaka 24. Papa Yohane Paulo II anamutcha wodala m'chaka cha 1990, ndipo Papa Leo XIV anamulemba m'gulu la Oyera pa 7 September 2025.

Njira yake ndi yapafupi. Wophunzira akwere Loweruka, asangalale ndi mtima wonse, koma afunsiretu nthawi ya Misa ku Mpherere, ku Mponela kapena kutchalitchi cha m'mudzi chimene chili pafupi. Ngakhale asamve mawu onse, Nsembe ndi yomweyo imene amake akumvera kwao tsiku lomwelo.

Akristu a ku Dowa ndi Ntchisi nawonso ali ndi udindo. Akaona mlendo wafumbi kumapazi ataima pakhomo la tchalitchi, amsendere pampando ndi kumpatsa moni. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma chifundo chimene walandira amapita nacho kwao.

Amayi Maria, amene anafulumira kudutsa m'mapiri kukaona Elizabeti, asunge ana onse ophunzira kutali ndi kwao. Amen.