Dzina Lako Likalowa M'kaundula, Mwini Wake Ndani?

Bungwe lililonse, ngakhale la anthu khumi okha, limayamba ndi kope ndi cholembera. Akasankha wapampando ndi msungichuma, amayang'ana wina wa dzanja labwino namuuza kuti, "Inu ndinu mlembi, tilembeni mayina." Imaoneka ngati ntchito yochepa. Komatu wogwira kaundula wagwira chinthu chachikulu, pakuti m'bungwe munthu amene sadalembedwe amakhala ngati kulibe.

Alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Mulanje akuzidziwa bwino zimenezi. Boma lidakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, ndipo bungwelo litafooka alimi adadzisonkhanitsa m'magulu monga Sukambizi Association Trust, lomwe limagulitsa masamba ake ku Lujeri. Mlimi akathyola tiyi, masamba amakwera sikelo, makilogalamu n'kulembedwa pa dzina lake, ndipo malipiro ake amachokera pamenepo. Ngakhale ndalama yapadera ya Fairtrade, okambirana za kagwiritsidwe ntchito kake ndi mamembala, ndipo membala amadziwika ndi kaundula. Dzina likasowa m'bukumo, mlimi wasowa ndalama ndi mawu omwe.

Tsono taganizani. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna nthawi zambiri ndi mkamwini, munda ndi wa kuchikazi. Mlembi wa bungwe lina lililonse akalemba dzina la bambo chifukwa choti ndiwo adabwera kumsonkhano, ukwati ukadzatha bukulo lidzaikira umboni munthu amene wanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo, mayi mwini munda n'kutsala manja lende. Cholembera chaweruza mlandu umene mfumu sidaumve n'komwe.

Masiku ano mabungwe ambiri akusamutsira mayina m'kompyuta, ndipo n'zomveka. Kope limadyedwa ndi chiswe, limanyowa, limatayika. Amene adaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sangafunse chifukwa chake mayina ayenera kusungidwanso kwina. Kompyuta imagwira dzina lolembedwa kawiri, imathandizanso kutulukira mamembala a m'manda amene ena amadyerapo. Koma walira mvula walira matope. Kope limagona m'nyumba imodzi, ndipo wofuna kulikopera amatha masiku. Kaundula wa m'kompyuta amachoka pa Chitakale kufika ku Lilongwe pa WhatsApp munthu asadamalize kumwa kapu ya tiyi. Muli nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika chimene tidalembetsa mu 2017, kukula kwa munda, ngongole ya feteleza. Wakatapila angaukonde kaundula ameneyu. Wandale pa nthawi ya kampeni angaukonde koposa.

Ife a Malawi sitifunika kuphunzitsidwa kuti umembala ungasanduke chikwapu. M'nthawi ya chipani chimodzi, khadi la Malawi Congress Party lidali ngati chiphaso cha moyo. Anyamata a yufi ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, wopanda khadi sadutsa. A Mboni za Yehova adakana kugula khadilo, ndipo mpingo wawo udaletsedwa mu 1967. Mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ena pambuyo pake n'kukakhala m'misasa ya m'boma la Milange, kutsidya kwa Muloza. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Owasakawo adalibe kompyuta. Kudziwa yemwe ali ndi khadi ndi yemwe alibe kudali kokwanira. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 32, amati munthu asakakamizidwe kukhala membala wa bungwe, ndipo pa gawo 21 amateteza chinsinsi cha munthu.

Wina anena kuti, "Ndiye mukuti tibise kaundula? Bungwe lobisa mabuku ndi bungwe la akuba." Akunena zoona ndithu. Komiti yosafuna kuti mamembala aone mndandanda nthawi zambiri ikubisa mayina a abale ake kapena a anthu akufa. Chisankho cha bungwe sichingakhale chachilungamo ngati odziwa ovota ndi okhawo amene akupikisana nawo ali pa mpando. Apa ndiye pagona vuto: kubisa kumabala kuba, kuulula zonse kumavula anthu.

Yankho langa n'lakuti tifunse kuti chinthucho chidalembedwera chiyani. Mayina a mamembala awerengedwe poyera pamsonkhano, aliyense amve lake ndi la mnansi wake, wakufa achotsedwe pamaso pa onse. Koma ngongole ya mayi wamasiye ndi nambala ya chiphaso chake adazipereka kuti alandire feteleza, osati kuti zikhomedwe pamtengo kapena zipatsidwe kwa phungu wofuna mavoti. Ndipo munthu akatuluka m'bungwe, ngongole atabweza, atuluke ndi mbiri yake yomwe. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe amayang'anira ndi a MACRA, likuloza komweko: munthu ali ndi ufulu woona zimene adamulembera ndi kukonzetsa zolakwika. Koma lamulo lili ku Lilongwe, pamene foni ili m'thumba la mlembi ku Mimosa. Chomuletsa kutumiza usiku ndi chikumbumtima chake basi.

Makolo athu adali ndi mwambo woikiza ziweto. Munthu ankapereka mbuzi kwa mnzake kuti amusungire. Wosungayo ankaidyetsa, kuiteteza kwa afisi, mwini wake akabwera ankamulowetsa m'khola kuti aione. Kuigulitsa mwini asakudziwa kudali kuba, ngakhale mbuziyo itagona m'khola lake zaka zisanu. Dzina la membala ndi choikiza chotere. Kope ndi la bungwe, kompyuta mwina adagula ndi a bungwe lothandiza, koma zolembedwamo ndi za amene adazinena. Pamsonkhano waukulu wotsatira, mukatha kufunsa msungichuma za ndalama, musaiwale kutembenukira kwa mlembi ndi kumufunsa mwaulemu kuti, "Nanga mayina athuwa, mwawaonetsa yani chaka chino?"