Mtengo wa m'phiri ukalowa m'mbale

Pa mathanthwe a phiri la Malosa, pamwamba pa chigwa cha Domasi, pali mitengo imene moyo unaimana dothi. Mtengo wa kachere womera mumng'alu wa mwala umatha zaka zambiri usanafike m'chiuno mwa munthu. Thunthu lake n'lokhotakhota, mizu inayanga pamwala kufunafuna chinyontho, ndipo masamba ake ndi aang'ono. Wootcha makala saucheukira n'komwe, poti sungadzaze thumba. Koma ku Japan mtengo wotere ndi chuma, ndipo anthu akhala akukwera mapiri oopsa kukaukumba.

Luso losamalira mitengo yotere m'mbale amalitcha bonsai. Linayambira ku China, kenako anthu a ku Japan analikulitsa. Mtengo wake ndi wamba, woti ukanakhala m'munda ukanatalika. Amaubzala m'mbale yosaya, pakapita zaka zingapo amauzula n'kudulira mizu, amatsina nsonga zanthete, ndipo nthambi amazikulunga ndi waya kuti zilowere komwe mwini akufuna. Wayayo akachedwa kumuchotsa amalowa m'khungwa n'kusiya chipsera chosatha. Dothi la m'mbale limauma msanga, choncho nthawi yotentha kuthirira n'kwa tsiku ndi tsiku. Ku South Africa amachita zimenezi ngakhale ndi mlambe. Koma mitengo yokwera mtengo kwambiri ndi yokumbidwa m'phiri, imene amaitcha yamadori, ndipo chilakolako chake chinachititsa kuti mtundu wina wotchedwa shimpaku usowe m'mapiri ambiri a ku Japan komwe unkamera wokha.

Funso lagona pamenepo. Kodi munthu ali ndi ufulu wotenga chamoyo chimene sanalenge, n'kuchipinda kuti chikondweretse maso ake?

Woona koyamba amangoti ndi nkhanza. Koma pali mtengo wa paini umene umayankha mlandu umenewu. Unayamba kusamalidwa m'mbale mu 1625. Pamene bomba linagwa ku Hiroshima mu 1945 unali pakhomo pa banja la a Yamaki, makilomita pafupifupi 3 kuchokera pomwe linaphulikira, ndipo unapulumuka. Mu 1976 a Masaru Yamaki anaupereka ku America, ndipo lero uli ku Washington. Kwa zaka pafupifupi 400, nkhondo kaya njala, pamapezeka munthu wonyamula madzi kukauthirira. Akuoneka wolamulira ndi munthu, koma amene wakhala akudzukira mnzake m'mamawa ndi munthu yemweyo.

Anthu a ku Domasi sali alendo pa nkhani ya ulamuliro wa munthu pa chilengedwe. Kuyambira mu 1884, pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anatsegula mishoni m'dziko la mfumu Malemia, buku la Genesis lakhala likuwerengedwa m'chigwa chimenechi. Chaputala choyamba chimapatsa munthu mphamvu pa zolengedwa. Chachiwiri chimamuika m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Vuto n'lakuti choyambacho chimakumbukika msanga munthu akagwira nkhwangwa, pomwe chachiwiri chimangomveka pa tsiku lobzala mitengo. Kumzikiti nako amaphunzitsa kuti munthu ndi khalifa, wosungitsidwa amene adzafunsidwa ndi Mwini wake. Ndipo tchalitchi ndi mzikiti zisanabwere, makolo ankathira nsembe ya ufa pansi pa mtengo wa msolo. Mpaka lero, ngakhale m'midzi imene nkhuni zikusowa, mitengo ya kumanda imakhala chiimire. Aliyense amadziwa kuti si yake.

Tsono wosungitsidwa angathe kudulira ndi kupinda. Mlimi aliyense amatero, ndipo akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Chimene sangathe ndi kuiwala kuti pomwe wazula pamatsala dzenje.

Chitsanzo chowawa ndi mtengo wina wa m'nkhalango za mapiri aatali a mu Africa, Malawi yemwe, umene akatswiri amautcha Prunus africana, m'bale wake wa pichesi. Makungwa ake amapangira mankhwala a abambo achikulire amene prostate yawo yatupa n'kumavutika pokodza. Makampani a ku Ulaya atayamba kugula, anthu a ku Cameroon ndi ku Madagascar anasenda mitengo mpaka kuiumitsa chiimire, ndipo mu 1995 pangano la mayiko lotchedwa CITES linaika malire pa malonda ake. Palibe amene ankadana ndi mtengowo. Onse ankaufuna, monga mmene ankafunira shimpaku.

Koma phunziro lalikulu lili pafupi, m'mabeseni a masuku amene amayi amayala m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde mvula ikayamba. Masuku amenewo sanabzale munthu. Akatswiri a bungwe la ICRAF ku Makoka, m'boma lomweli la Zomba, anatha zaka akuyesa kuuweta msuku kuti ukhale mtengo wa pakhomo. Anasankha mitengo ya zipatso zokoma, namezanitsa nthambi zake pa mbande, ndipo yomezanitsayo inabereka patangotha zaka zochepa, pomwe wongomera wokha umachedwa kwambiri. Msuku uli ndi makani ake. Pali waumuna ndi waukazi, ndipo waukazi sungabereke popanda mungu wa mnzake. Komanso mizu yake imakhalira limodzi ndi tiulusi ta bowa ta m'nthaka: bowa amaupezera madzi ndi michere, iwo n'kumamupatsa chakudya chochokera m'masamba. N'chifukwa chake bowa wambiri wa nyengo ya mvula amazulidwa pansi pa misuku ndi mitengo ya mombo. Munthu akazula mmera wa msuku m'tchire, n'kukutumula dothi lonse, n'kukauika m'dothi lachilendo, kawirikawiri umachita chikasu n'kufota.

Ndiye kuti mtengo wa m'phiri sukhala wokha. Uli ndi abale pansi pa nthaka, ndipo uli pa ntchito. Kachere wa pathanthwe uja amadyetsa mbalame, mizu yake imagwira kadothi kochepa kamene mvula ikanakokolola. Madzi otsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa ndiwo amadzaza mtsinje wa Domasi, kuthirira mpunga wa kusikimu ya ulimi wothirira, n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya imene inaphwa mu 1995 n'kuphweranso mbali yaikulu mu 2018 mvula itavuta. Phiri limene makala aligwetsera kale mitengo ikuluikulu silingathe kuperekanso ing'onoing'ono yokalamba kuti ikakongoletse makonde a m'tauni. Wokumba mtengo wotere amatenga zaka makumi ambiri zimene sanagwirepo ntchito, ndipo ngakhale atausamala bwanji, wabera anthu a kumunsi. Lamulo la zankhalango la 1997 nalonso sililola kutenga mtengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo.

Luso lenilenilo lilibe mlandu, ndipo ana a sukulu za ku Domasi angapindule nalo. Mwana amene wathirira kamtengo kamodzi kwa zaka zitatu, n'kuona mmene kamafotera akajomba masiku awiri, sangayatse moto m'phiri mopepuka. Wofuna kuyamba asakwere phiri ndi khasu. Nthambi ya kachere yodula bwino imagwira ikazikidwa m'dothi lachinyontho. Chitsa chophukira cha m'munda umene akuswa mphanje, chimene chikanapita pamoto, angachipemphe kwa mwini munda. Ndipo amene akufuna msuku asataye nthangala akadya masuku a chaka chino. Azifese masiku omwewo, chifukwa zikauma sizimera, ndipo m'chubu asakanizemo dothi lochepa la pansi pa msuku waukulu.